Sakhalitsa, Galu Wathu Wamkota

Kwathu kuno munthu akafuna kunyoza mnzace kuti mau amulowe mpaka m'mafupa, amuchula kuti galu. Liu limeneli lafikitsa anthu ambiri pa bwalo la mfumu, ndipo ena analipa nkhuku, ena mbuzi, cifukwa ca ilo. Tsono munthu amene afuna kulemba nkhani yoyamika galu ayenera kuyamba wapempha awerengi ace kuti amupirire pang'ono, pakuti sadzalephera kupezeka ena onena kuti sukulu yamuzunguza mutu. Ine ndapempha. Ndiri ndi ngongole kwa galu wina wokalamba amene agona pansi pa nkhokwe ya amai anga, kumudzi kwathu pakati pa Katete ndi Chadiza. Ndipo popeza iye sadziwa nchito ya ndalama, ndiponso masiku ace atsala owerengeka, ndaganiza kuti ndibweze ngongoleyo ndi mau.

Galuyu anafika pakhomo pathu m'caka ca 2011, mwezi wa Meyi, anthu ali kukolola. Ine ndinali ndi zaka 11. Atate anapita pa njinga kukazonda mbale wao wodwala, ndipo pobwera madzulo anali ndi thumba lomangidwa kumbuyo kwa njingayo. Ife ana tinathamanga kukawalandira, poyesa kuti m'thumbamo muli mbatata kapena nzimbe. Titamasula munaturuka kagalu kakakazi kofiirira, nthiti zonse ziri pamtunda, mimba yokha iri yotupa ngati cikho. Atate anatiuza kuti mai wa kagaluko anaswa ana asanu ndi awiri, ndipo anthu anasankha onenepa onse nasiya aka. Mwini wace anangopempha msoti umodzi.

Agogo aakazi, amai ao a amai anga, anakayang'ana nthawi yaitali, nanunkhiza fodya wao, nati kwa amai, "Uwauze amuna akowo kuti ataya msoti pacabe. Aka sikakhalitsa." Atate anali kuseri kwa nyumba ndipo anamva zonse. Koma monga mudziwa, mwa mwambo wathu mkamwini sayankhana ndi apongozi ace. Cotero anakhala cete. M'mawa mwace anatenga mkute, naima pakati pa bwalo, naitana ndi mau okweza, "Sakhalitsa! Sakhalitsa!" Mudzi wonse unaseka, ndipo agogo anaseka koposa onse. Ndi mmene Acewa acitira ndi maina a agalu: cimene munthu sangathe kunena pamaso pa mnzace, aciika m'dzina la galu, ndipo uthengawo umveka m'mawa ndi madzulo popanda mlandu. Cozizwitsa n'cakuti amene analera kagaluko ndi agogo omwewo. Tsiku liri lonse anali kukasiyira phala m'cigubu codula, ndipo usiku wa cisanu anali kukalola kugona pafupi ndi moto wao. Agogo anatisiya m'caka ca 2014. Galu amene anati sakhalitsa ali moyo kufikira lero, ndipo wapitirira zaka 14.

Amene anakulira m'tauni mwina sadziwa kuti galu wa kumudzi sadya caulere. Miyezi ya Febuluwale ndi Malici, cimanga cikayamba kukhwima, munda wathu wa m'mphepete mwa phiri unali kuonongedwa ndi anyani usana, ndi nguluwe usiku. Atate anamanga nsanja pakati pa munda, ndipo iwo anali kugona pamwamba, Sakhalitsa pansi. Atate anali kunena kuti sanasowe tulo, cifukwa anaphunzira kusiyanitsa kuuwa kwace. Munthu akamadutsa m'njira, galuyo anali kuuwa kawiri kapena katatu nkuleka. Zikakhala nguluwe anali kuuwa mosalekeza, ali kuthamangira uku ndi uku. Koma akangong'ung'udza camumtima, ubweya wa pamsana utaima, nkudzikankhira ku mizati ya nsanja, atate anali kudziwa kuti fisi ali pafupi, ndipo anali kukoleza moto.

Ife anyamata tinali kumudziwa pa nchito yina. Miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, minda itakololedwa ndipo maudzu atauma, nchito ya anyamata a kuno kum'mawa ndi kukumba mbewa. Mnyamata wopanda galu angathe kutha theka la tsiku ali kukumba una umene mwini wace anasamukamo kale. Ife sitinataye mphamvu cotero ai. Sakhalitsa anali kununkhiza una uli wonse. Wina anali kuupitirira osaima, koma pa wina anali kuyamba kukanda ndi miyendo yonse iwiri, ali kupuma mwaphuma. Pamenepo tinali kuponya khasu. Ife tikamatsata una kulowera ku funkha, iye anali kukaima pa mbuli, ndipo mbewa yofuna kuthawira kumeneko inali kugwera m'kamwa mwace. Kapuku, mende, citute, onse tinabwera nao kumudzi pa mpani, ndipo tsiku lina tinapha bwampini wamkulu amene amai anagawirako ndi anansi. Akulu akale anati galu wamkota sakandira pacabe. Mwambiwu auponya ponena za munthu wacikulire amene mau ace sayenera kunyozedwa. Koma ine ndinauona ndi maso usanakhale fanizo.

Tsopano ndinene cimene cindicititsa manyazi, pakuti munthu woyamika mnzace koma wobisa zimene anamulakwira, kuyamika kwaceko ndi kwa pakamwa cabe. M'caka ca 2013 mazira anayamba kusowa m'khola la nkhuku. Thadzi limene linali ndi mazira khumi, m'mawa tinapeza asanu ndi awiri, tsiku linzace asanu. Ndiye ndinapeza zikungwa za mazira pansi pa nkhokwe, pomwe Sakhalitsa anali kugona. Sindinafunse munthu wamkulu ali yense. Ndinafunsa anyamata anzanga, ndipo iwo anandiuza mankhwala amene ambiri a inu munawamvapo: akuti galu wakuba mazira umuike dzira lotentha m'kamwa. Ndinaphika dzira, ndinalicotsa pa moto ndi cipande, ndi kumuitana. Anabwera ali kugwedeza mcira monga mwa masiku onse. Ndinamuika dziralo m'kamwa ndi kumugwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kulira kumene analira tsiku limenelo ndikumvabe m'makutu mwanga. Atapulumuka anathawira kuchire, ndipo sanabwere masiku awiri.

Tsiku lacitatu, galu kulibe, dzira lina linasowa. Amai anabisala pafupi ndi khola masana, ndipo anaona likongwe ali kulowa pa kampata ka pansi. Mbala inali imeneyo. Sakhalitsa anangotola zikungwa zimene likongwe anasiya. Madzulo a tsiku lomwelo galuyo anabwera, mlomo wotupa, malovu ali cucucu. Ine ndinali pa khonde ndipo ndinayembekeza kuti adzandilambalala. Koma anadza molunjika kwa ine, nagona pa mapazi anga. Atate sanandikwapule, ngakhale ndinali woyenera. Anangoti, "Dzanja limene linamuocha ndilo lidzamudyetsa kufikira atapola." Masabata awiri ndinali kumumwetsa phala lozizira ndi dzanja langa. Cironda cinapola, koma ubweya sunamerenso. Cipsera coyera ciripobe pa mlomo wace wa kumanzere. Kucokera pamenepo, ndikamva anthu ali kuweruza mnzao cifukwa ca zikungwa zopezeka pakhomo pace, mtima wanga ufuna kuyamba waona likongwe.

Ngongole yaikuru koposa inadza m'caka ca 2016, mwezi wa Okutobala, dzuwa liri phwee. Akuluakulu anali pa nchito yosonkha nthumbira za munda, ndipo pakhomo panali ine ndi mlongo wanga wamng'ono wa zaka zinai, amene anali kusewera ndi zinyenyeswa za mbiya pansi pa mtengo wa mango. Ndinaona galu wacilendo ali kulowa m'bwalo, mutu uli pansi, malovu ali kutayika, ali kuyenda dzandidzandi ndi kuluma mpweya. Analunjika kwa mwanayo. Ine ndinali kutali, ndipo miyendo yanga inauma. Sakhalitsa anaturuka pansi pa nkhokwe osauwa ngakhale kamodzi, namugunda galu uja m'nthiti, ndipo anagubuduzana m'pfumbi. Pamenepo ndinathamanga ndi kunyamula mwanayo. Anthu anadza ndi mipini ndi mikondo, napha galu wacilendoyo. Mlongo wanga sanakhudzidwe konse, koma Sakhalitsa analumidwa pa phewa ndi pa khutu.

Anthu onse anadziwa kuti galu uja anali waciwewe, ndipo ambiri anati ndi wathunso aphedwe tsiku lomwelo. Sanalankhule mwa nkhanza, pakuti ciwewe si nthenda yocita nayo masewera. Kacirombo kace kakhala m'malovu, kalowa pa bala, ndipo kayenda m'mitsempha kufikira ku ubongo. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi, palibenso mankhwala omuciritsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse liwerengera kuti anthu okwana ngati 59,000 amafa ndi nthendayi caka ciri conse, ambiri a iwo mu Afirika ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse aitenga kwa agalu. Koma atate analowa m'nyumba, naturuka ndi kapepala kamene anasunga m'buku la nyimbo. Miyezi ingapo m'mbuyomo alangizi a ziweto anabwera kudzabaya agalu katemera pa bwalo la sukulu, ndipo atate anaima pa mzere ndi galu wao pa cingwe, anzao ali kuwaseka kuti asiya munda cifukwa ca galu. Tsopano kapepalako kanakhala mboni. Atate anapalasa njinga kukaitana alangizi aja, amene anamubayanso jekeseni ina, nalamula kuti amangidwe payekha masabata ambiri, ana osamuyandikira. Tinacita comweco, ndipo sanadwale.

Alangiziwo anatiphunzitsanso cinthu cimene ndifuna kuti ali yense wowerenga nkhani ino aciike mumtima. Munthu akalumidwa ndi galu, atsuke balalo msanga ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo, osayamba wadikira kuti aone ngati bala litupa. Katemera wa munthu wolumidwa agwira nchito akaperekedwa nthenda isanaonekere. Amene anayamba kumupereka ndi Louis Pasteur wa ku France, amene m'caka ca 1885 anapulumutsa mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu waciwewe. Pasteur anamwalira pa 28 Seputembala 1895, ndipo n'cifukwa cace maiko anasankha tsiku la 28 Seputembala kukhala lokumbutsana za nthendayi. Mlongo wanga ali moyo cifukwa ca kulimba mtima kwa galu. Galuyo ali moyo cifukwa ca m'mawa umodzi umene atate anabvomera kusekedwa.

Atate anamwalira m'caka ca 2019. Masiku onse a maliro Sakhalitsa sanacoke pa khomo la nyumba imene anagonamo, ndipo nsima imene anthu anamuponyera inadyedwa ndi nkhuku. Sindinena kuti galu aganiza monga aganizira munthu; ndingonena zimene ndinaona. Kwa miyezi yambiri, dzuwa likapendeka, anali kupita pa mphambano ya njira yocokera ku mseu, nkukhala pamenepo. Njinga ikamveka patali anali kuimirira, makutu ali njo. Ikafika pafupi, nkuona kuti ndi munthu wina, anali kugonanso. Mdima ukagwa anali kubwera yekha. Amai, amene sanalire pamaso pa ana, tsiku lina ndinawapeza ali kupukuta misozi ndi nsonga ya citenje, ali kuyang'ana ku mphambanoko. Caka cotsatira ine ndinakwera basi kupita ku Lusaka, kumene ndinapeza nchito yoocherera zitsulo. Nthawi iri yonse ndikabwera kudzaceza, ngakhale ndifike usiku, amene anali kuyamba kundidziwa ndi iye.

Tsono ndifike pa caka cimene cinatiyesa tonse. M'nyengo ya dzinja ya 2023 ndi 2024 mvula inadula cimanga ciri kumasula, ndipo dzuwa linaocha minda masabata ambiri. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti ciralaco ndi tsoka la dziko lonse. Munda umene atate anali kukololamo ngolo zitatu unapatsa amai matini owerengeka. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo pa nchito pathu makina anakhala cete. Mwezi wa Ogasiti mwini nchito anatiuza kuti tiyambe tapita kwathu. Ndinafika kumudzi ndi cikwama ca zobvala, m'thumba mulibe kanthu, ndipo ndinapeza kuti pakhomo adya kamodzi pa tsiku.

Madzulo ena amalume, amene ali mwini mbumba yathu, anabwera kudzaona zimene zatsala m'nkhokwe. Atawerenga matini, anawerenganso anthu: amai, alongo anga awiri, ana awiri a mlongo wanga wamkulu, ndi ine. Pomwepo maso ao anagwa pa Sakhalitsa, amene anali kudikira pafupi ndi maphikiro. Anati kwa amai, "Mlongo wanga, galu uyu saonanso bwino, samva, ndipo sangathamangitse ngakhale mwana wa nyani. Mbamu iri yonse imene umuponyera waicotsa pakamwa pa mdzukulu wako. Njala yoti ifike Malici ikali patsogolo. Mnyamatayu apite naye kudambo mawa." Amai anawerama osayankha. Ine ndinakhalanso cete, pakuti mau aja anandilasa pawiri: pakhomopo panali pakamwa pawiri posabweretsa kanthu, ndipo pena panali panga. Ndisabise, mumtima ndinaona kuti amalume anena zoona. Iwo si munthu wouma mtima. Anali kuwerengera moyo wa ana.

M'mamawa ndinatenga cingwe ca mbuzi ndi kumuitana mwa kumukhudza pamsana. Anadzuka mobvutikira, nanditsata. Sindinamumange, cifukwa panalibe cofunikira. Iye anayesa kuti tiri kupita ku mbewa, ndipo mcira unali kugwedezeka. Ulendo umene kale tinali kuuyenda mothamanga unatitengera nthawi yaitali, pakuti anali kuima kawirikawiri kuti apumule, ndipo ine ndinali kumudikira. Taganizani, awerengi, kupusa kwa munthu wodikira mnzace kuti apumule pamene ali kupita naye kukamupha. Titafika pa mtengo wa mkuyu wa m'mphepete mwa dambo, ndinakhala pansi, cingwe ciri m'manja. Iye ananunkhiza apa ndi apo, naima pa una wina, nayamba kukanda ndi zikhadabo zace zakutha, pang'onopang'ono, ali kuceukira kwa ine monga kunena kuti khasu liri kuti. Kenaka anadza nasamira mutu pa bondo langa, ndipo cipsera cija cinali pafupi ndi dzanja langa. Kamodzi ndinamuitana nadza mokhulupirira, ndipo ndinamuocha. Tsopano ndinamuitananso, nadzanso mokhulupirira. Ndinapinda cingweco, ndipo pobwerera ndinamunyamula pa phewa pokwera citunda.

Ndinapita kwa amalume, ndinakhala pansi, ndi kunena kuti, "Amalume, mundikhululukire, ndalephera nchito imene munandituma." Asanayankhe, amai amene ananditsata anagwada capatali nati, "Alongo, dzulo sindinafune kukuyankhani pamaso pa ana. Koma nsima imene galuyu adya lero anailima kale. Anailima usiku uja wonse anagona m'munda ndi malemu alamu anu, ndipo anailimanso tsiku lija pansi pa mango. Mwana amene mumutuma kukatunga madzi akanakhala kuti?" Amalume anayang'ana pansi nthawi yaitali. Potsiriza anati kwa ine, "Cabwino. Koma m'nkhokwe mulibe gawo lace. Adzadya za m'mbale mwako." Ndinabvomera, ndipo ndi mmene zinakhalira. Pa mtanda uli wonse wa nsima umene amai anandiikira, ndinali kunyema mbali yace. Ndinapeza ganyu woumba njerwa ndi wothirira dimba la munthu wina, ndipo ndalama zocepa zimene ndinalandira zinagula cimanga ca banja ndi gaga wa ku cigayo. Tinaonda tonse, anthu ndi galu yemwe, koma tinafika. Mvula ya caka cotsatira inagwa bwino, ndipo m'caka ca 2025 nkhokwe inadzalanso.

Lero Sakhalitsa ndi nkhalamba yeniyeni. Pakamwa pace payera ndi imvi, maso ace acita mtambo, ndipo ukamuitana uli kumbuyo samva. Galu wamkulu akhala ndi mano 42, koma ace ambiri anaguluka, otsalawo ndi zitsa. Cotero pfupa angolinyambita. Podzuka ayamba ndi miyendo ya kutsogolo, ya kumbuyo nkutsatira mocedwa, makamaka m'miyezi ya cisanu. Taphunzira kumusamala monga asamalira wokalamba. Nsima yace tiifewetsa ndi msuzi kapena madzi ofunda. Madzi akumwa akhala pafupi ndi pomwe agona, kuti asayende mtunda. Juni ndi Julayi amai amuyalira saka m'khicini. Loweruka liri lonse mlongo wanga uja wa pansi pa mango, amene tsopano ndi namwali, amucotsa nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala. Ana tawauza kuti asamudzidzimutse ali mtulo, cifukwa galu wosamva akadzidzimuka angathe kuluma asanadziwe amene wamukhudza. Ndipo alangizi akabwera ndi katemera, apitabe, ngakhale tsopano apita atakwera wilibala.

Nchito ya kulonda yatsala m'manja mwa mdzukulu wace, galu wamphamvu wa zaka ziwiri, amene auwira ngakhale tsamba logwa. Usiku akayamba phokoso, amai sadzuka msanga. Ayamba amvetsera ngati mkota nayenso wabvomereza. Maso ndi makutu zatha, koma mphuno ikalipo, ndipo akang'ung'udza iye ndiye kuti kunja kulidi kanthu. Amalume akabwera kudzadya nafe, ndaona kangapo ali kunyema kambamu, nkukagwetsa pansi mwakacetecete kumbali imene kuli galuyo, maso ali kwina. Palibe wa ife amene ananenapo kanthu.

Inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu, ambiri a inu muli kukonzekera kukwera basi monga ndinacitira ine, ndipo kumene mupita adzakuphunzitsani kuyesa cinthu ciri conse ndi phindu limene cibweretsa lero. Muyeso umenewo uli ndi malo ace, ndipo pa nthawi ya njala ngakhale munthu wabwino angathe kuugwiritsa nchito. Koma ine ndinauyesa pansi pa mkuyu uja ndipo ndinaupeza wopereweza, cifukwa suwerenga za dzulo. Kumudzi mwasiya agogo amene sathanso kugwira khasu, atate amene maso ao ayamba kucita mdima, mwinanso galu kapena ng'ombe imene inakoka khasu kuti inu mulipire sukulu. Onsewa nsima yao anailima kale. Caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe: ife amene tithamanga lero tidzafuna wina wotidikira pa citunda.

Sindidziwa ngati Sakhalitsa adzaona dzinja lina. Amai anena kuti tsiku lace likadzafika sadzatayidwa kudzala ai. Adzakumbiridwa m'mphepete mwa munda, pomwe panali nsanja ya atate. Koma lero akali nafe. Pamene ndiri kulemba mau ano dzuwa lafika pa khonde, ndipo iye wadzikoka kucoka pansi pa nkhokwe, wazungulira kawiri, nagona pa mapazi anga. Ndamuchula dzina, ngakhale ndidziwa kuti sakumva, ndipo ndaika dzanja pamutu pace. Mcira wagunda pansi katatu.